Amayi atasiya kulankhula, tinawamva molakwika kwa miyezi itatu

Amayi anga anali munthu wolongolola, ndipo sindikunena mowanyoza. Kwa zaka zoposa 20 ankagulitsa usipa ndi utaka wouma pamsika wa pa Boma kuno ku Mangochi, ndipo malonda a nsomba amafuna pakamwa: kunenerera ndi asodzi kugombe m'bandakucha, kuitanira ogula masana, kukalipira ana madzulo. Choncho pakhomo pathu panalibe amene anaphunzira kuwayang'ana. Tinkangomvera. Za mumtima mwawo ankazinena okha, kawirikawiri mokweza mpaka oyandikana nawo nyumba kumva. Mu Okutobala 2023 mawu onsewo anatha m'mawa umodzi, ndipo tinatsala ndi nkhope, maso ndi dzanja limodzi. Tinalephera kuziwerenga. Ndalemba izi chifukwa kulephera kwathuko kunatidyera ndalama, kunawazunza amayi, ndiponso kunatsala pang'ono kuthetsa banja la achimwene anga.

Chinthu chimodzi chokha chimene amayi sankanena ndi ululu. Mu 2021 anawapeza ndi BP, anamwa mankhwala miyezi ingapo, kenako anasiya chifukwa ankati akupeza bwino. Vuto la BP ndi lomwelo, nthawi zambiri siimveka m'thupi. Koma milungu iwiri isanafike tsokalo, thupi lawo linkalankhula ndithu. Ankamanga mpango pamutu mothina kwambiri, ankatikita kumbuyo kwa khosi, ndipo munthu amene sankakhala pansi pamalonda anayamba kukhalira chidebe. Ndinawafunsa kamodzi, "Amayi, mutu?" Anandiyankha kuti, "Iwe, dzuwa la Okutobala sukulidziwa?" Ndinakhulupirira pakamwa, ndinasiya zimene maso anga ankaona. Kuyezetsa BP kuchipatala cha boma n'kwaulere. Kukanangonditengera ya kabaza basi.

Linali Loweruka, cha m'ma 6 koloko m'mawa. Amayi ankasesa pabwalo, tsache linagwa, iwo n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa. Nditafika ndinapeza mbali yakumanja ya nkhope yagwa, mlomo wakhota, dzanja lamanja lili lende. Ankayesa kunena chinachake koma chinkatuluka ndi phokoso chabe. Zimene tinachita ndi izi, ndipo ndizinena ngakhale zikundichititsa manyazi: tinawagoneka pamkeka, tinawakupiza, tinawamwetsa madzi, iwo n'kutsamwa, tinawamwetsanso. Tinaimbira foni amalume kuti abwere adzaone. Tinaitana a mpingo kudzapemphera. Galimoto tinaifuna dzuwa litapendeka, ndipo mwini wake anatitchaja K18,000 kuchoka kwathu, kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi njira ya ku Malindi, kukafika kuchipatala. Tinataya maola 11.

Mukaona nkhope yagwa mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu asokonekera, imeneyo ndi sitiroko mpaka dokotala atanena zina. Nyamulani munthuyo nthawi yomweyo, achibale muwaimbire muli m'njira. Ndipo musamumwetse kapena kumudyetsa kanthu. Sitiroko imafooketsanso minofu yomezera, madzi amalowera kumapapo. Amayi anadwala chibayo tsiku lachinayi ali m'wodi, ndipo mpaka lero ndimaganiza za kapu ija.

Tinakhala m'chipatala masiku 16, ine ndili gadiyani. Ndine telala, ndiye masiku onsewo makina anali atavundikiridwa, maoda a mayunifolomu n'kupita kwa ena. Chakudya, mayendedwe ndi mankhwala ena ogula zinadya ndalama zoposa K90,000. Dokotala anatifotokozera kuti mbali yakumanzere ya ubongo ndi imene yavulala, kuti mbali imeneyo imalamulira dzanja ndi mwendo wakumanja, komanso mwa anthu ambiri ndi kumene kumakhala mawu. Ananena kuti kulankhula kungabwerere pang'ono kapena osabwerera. Ndikukumbukira bwino kuti ananenanso kuti amayi akumva zambiri zimene tikunena. Koma m'mutu mwanga munalowa theka lokha. Ndinaganiza kuti munthu wosalankhula ndiye kuti nzeru zachokanso. Cholakwa chachikulu chinayambira pamenepo, zina zonse zinangotsatira.

Titabwerera kunyumba, anthu anayamba kubwera kudzazonda monga mwa mwambo. Ankakhala pakhonde, amayi atagona pamatiresi pambali pawo, n'kumakamba za iwo ngati palibepo. "Kodi akudya?" "Koma ndiye atha." "Wina wa ku Makawa anachita chonchi, sanathe chaka." Ine ndinkayankha mafunso onse, osatembenukira n'komwe kwa mwini nkhani. Tsiku lina ine ndi achimwene tinakambirana pamutu pawo penipeni zogulitsa benchi yawo ya kumsika ndi matumba awiri a usipa amene anatsala, chifukwa mu Novembala umenewo kwacha inali itagwetsedwa ndi 44 peresenti ndipo matewera a akuluakulu anali atakwera mtengo moti sitinkakwanitsa. Amayi anatsinzina, anadzikoka ndi dzanja lamanzere mpaka kuyang'ana kukhoma. Madzulo anakana phala, milomo atamata. Ndinati mwina pakhosi pakuwawa. Mawa lake ndinati ndi makani awo akale aja. Sindinaganize ngakhale pang'ono kuti munthu wamva ana ake akugawana mpamba wake iye ali moyo.

Chodabwitsa n'chakuti zizindikiro zimenezi tonse timazidziwa kuyambira tili ana. Ukapeza mayi atagwira tsaya pakhonde sufunsa ngati zinthu zili bwino, umafunsa kuti kwagwanji. Munthu akaika manja kumutu timadziwa kuti ndi maliro asanatsegule pakamwa. Mwana akayang'ana pansi pamaso pa wamkulu timati ndi ulemu, mkamwini akakhala zyoli timati pali mlandu. Koma amayi atayang'ana kukhoma, ine ndinaiwala zonsezo, chifukwa ndinali nditawachotsa kale pagulu la anthu amene amakhumudwa.

Ndiye panali nkhani ya "eee". Mawu okhawo amene anatsala mkamwa mwawo anali "eee", ndipo ife tinkawatenga ngati kuvomera. "Mukufuna tiyi?" Eee. "Mwakhuta?" Eee. "Tikutulutseni panja?" Eee. Ukabweretsa tiyiyo ankamukankha, nthawi zina mpaka kutayika, maso ali psuu. Kangapo konse anadziipitsira pamatiresi ine ndili kalikiliki kuwakakamiza kapu, pamene iwo ankapempha chimbudzi. Pambuyo pake ankalira mosatulutsa mawu, misozi kungotsika. Ndinapsa mtima, sindibisa. Tsiku lina ndinawakalipira kuti, "Amayi, nanga mukufuna chiyani?" ngati kuti akanatha kundiyankha n'kumakana dala. Anthu amene sitiroko yawalanda mawu kawirikawiri amasokoneza "inde" ndi "ayi", kapena amatsala ndi liwu limodzi limene limatuluka pa chilichonse. Liwulo silinyamula tanthauzo. Tanthauzo limakhala m'kamvekedwe kake, m'maso ndi m'dzanja.

Choipitsitsa chinali cha alamu anga, akazi a achimwene. Iwo ndi amene ankandilandira masana kuti ndikasokeko. M'chipinda cha amayi mpando wa wodwazika unali kudzanja lawo lamanja. Ine ndikalowa ndinkakonda kukhala kumiyendo kapena kugwada kutsogolo kwawo. Alamu, mwaulemu wawo, ankakhala pampando paja chammbali. Amayi sankawayang'ana. Akawapatsa moni, ankatembenuza maso uku ndi uku ngati akufuna kumene kwachokera mawu, kenako n'kuyang'ana kwina. Alamu akawafikitsa sipuni pakamwa ankadzidzimuka ngati aona njoka. Akamawadzutsa ankakuwa. Kuwonjezera apo mlomo wokhota uja unkaoneka ngati wa munthu amene akunyoza.

Azakhali ndi amene anayamba kunena, monong'ona. Amalume anazitola. Pofika Disembala nkhani inali itapsa: wodwala akutisonyeza yekha amene anamuchita chipongwe. Amalume anapita kwa sing'anga wina cha ku Namwera, ndipo tinasonkha K45,000 ndi nkhuku ziwiri. Ine ndinaponyapo K15,000, ndalama ya matewera. Sing'angayo sanatchule dzina, anangoti ndi munthu wamkazi wobwera amene amadya nanu mbale imodzi, ndipo pakhomo pathu wobwera anali mmodzi yekha. Palibe amene anawauza alamu maso ndi maso. Tinachita zimene anthu amachita: moni unafupika, akalowa kukhitchini nkhani inkaduka, chakudya chimene aphika chinkabwerera chosakhudzidwa. Iwo anamva zonse popanda liwu limodzi. Pa 20 Disembala anamanga katundu, anabereka mwana, n'kupita kwawo ku Ulongwe. Pochoka anagwada pakhomo la chipinda cha amayi kutsanzika, kumanja komwe kuja, ndipo amayi sanatembenuke. Ine ndinaima poteropo manja ndili pachifuwa, mumtima ndikuti ndi umboni winanso.

Amene anayamba kutitsegula maso ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Sukulu zitatsekera ankakhala ndi agogo ake nthawi yaitali, akusewera pansi kumanzere kwa matiresi chifukwa ndi kumene kunali malo. Tsiku lina ndikulimbana ndi kapu ya tiyi anangoti, "Amayi, agogo sakufuna tiyi. Akakoka chitenje pabondo ndiye kuti akufuna kuchimbudzi." Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji. Anati, "Amachita choncho nthawi zonse." Anandiuzanso kuti akamva ludzu amanyambita mlomo n'kuyang'ana kumtsuko, ndipo akavomera zenizeni amakweza nsidze, monga ankachitira kale ali pamsika mkamwa muli chinangwa. Mwanayo sankawafunsa mafunso ambirimbiri ngati ife. Ankangokhala nawo, n'kumawayang'ana.

Mu Januwale 2024 tinapita ndi amayi kwa a fiziyo, ochititsa odwala mafizo kuchipatala, mochedwa ndi mwezi wathunthu chifukwa ndalama ya galimoto inali itapita kwa sing'anga. Mayi amene anatilandira anachita chinthu chimene ine ndinali ndisanachite chichokereni m'chipatala: anakoka mpando, anakhala moyang'anana ndi amayi, anawapatsa moni iwowo osati ine, n'kudikira. Anadikira nthawi yaitali moti ndinafuna kuyankha m'malo mwawo, koma anandiletsa ndi dzanja. Amayi anakweza nsidze. Kenako mayi uja anatenga cholembera, anawauza kuti ayang'ane pamphuno pake, n'kumachiyendetsa kuchokera kumbali. Kumanzere amayi ankachiona chikadali kutali. Kumanja chinafika pafupifupi pamphuno asanaphethire.

Anatifotokozera kuti maso onse awiri ndi abwinobwino, koma ubongo sukulandira chilichonse chimene chili kudzanja lamanja, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri sitiroko ikagwira mbali yakumanzere. Munthu wokhala kumanja kwawo kunalibe. Sipuni yochokera kumeneko inkangotulukira pakamwa mwadzidzidzi. Anafunsanso kuti timawadzutsa bwanji, ndipo nditasonyeza anagwira mutu. Tinkawakoka dzanja lofooka lija, pamene phewa la dzanja lotero limakhala lolekera ndipo kulikoka kumapweteka koopsa. Alamu, pokhala kumanja, ndi amene ankaligwira kwambiri. Kukuwa kuja kunali ululu wa phewa. Ndinakhala pabenchi paja miyendo itazizira. Nkhope ya alamu atagwada pakhomo inandibwerera, ndipo sindinathe kumva zina zimene ankanena mpaka anabwereza.

Zimene anabwerezazo ndi zimene ndikanakonda nditazidziwa tsiku loyamba. Khalani kumbali imene wodwala akuona, nkhope yanu ikhale pa msinkhu wa nkhope yake, osati kumuimirira pamutu. Zimitsani wailesi. Funsani chinthu chimodzi, chofuna inde kapena ayi, ndipo musonyezeni chinthucho: kapu m'dzanja ili, mbale m'dzanja ilo. Mukalandira yankho, funsaninso motembenuza kuti mutsimikize, chifukwa ngati wavomera "mukufuna madzi" n'kuvomeranso "simukufuna madzi", ndiye kuti simunamvane. Musakweze mawu, si wogontha. Ndipo osamulankhula ngati khanda. Amayi anabereka ana asanu n'kuwaphunzitsa ndi usipa, ndiye ine n'kumawauza kuti "tsegulani kukamwa, aaa". Ndikaganiza zimenezi ndimamvetsa chifukwa chake ankanditaira phala.

Ndinagula kope la K500 n'kuyamba kulemba chizindikiro chilichonse ndi chimene chinatsatira. Poyamba ndinkalakwitsa kwambiri, ndipo ndinaphunzira kusakhulupirira chizindikiro chimodzi pachokha. Misozi, mwachitsanzo. Amayi ankatha kulira ukangowapatsa nthochi, kapena kuseka osaleka pamene palibe choseketsa, ndipo a fiziyo anati sitiroko imatha kumasula kulira ndi kuseka popanda kugwirizana ndi za mumtima. Kulira kotero kunkabwera mwadzidzidzi n'kutha msanga ukawasonyeza china. Kulira kwenikweni kunali kwina: kunkayamba ndi kuusa moyo, maso pansi, dzanja likufinya nsonga ya chitenje, ndipo kunkatsatana ndi kukana chakudya. Nkhope sindinkaidaliranso yonse, ndinkayang'ana mbali yakumanzere yokha ndi maso. Mpweya ukamathamanga, chipumi chitakwinyika, ndiye kuti penapake pakupweteka, ndipo ndinkaloza chiwalo chimodzichimodzi mpaka nsidze zitakwera.

Za kuyang'ana kukhoma ndi kukana kudya ndinakawauza adokotala. Anati pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene adwala sitiroko amagwidwa ndi matenda ovutika maganizo, ndipo kwa amene sangathe kulankhula achibale ndi amene ayenera kuona zizindikiro: kusafuna anthu, kusagona, kusadya, kusafuna kuchita mafizo. Anawapatsa mankhwala, ndipo anatenga milungu ingapo kuti tione kusintha. Koma china ndinachikonza ndekha. Ndinagwada kumanzere kwawo n'kuwauza kuti benchi yawo sitinagulitse, mwana wa azakhali ndi amene akukhalapo, ndipo ndalama ndizibwera nazo kwa iwo Loweruka lililonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Loweruka loyamba ndinawaika ndalamazo pachitenje, anaziwerenga ndi dzanja limodzi, anandiyang'ana, n'kutsonya. Ndinaseka mpaka misozi. Mawu onse anapita koma kutsonya kunatsala, ndipo tanthauzo lake linali lomwe lija la kale: zachepa izi.

Amayi a Mvano atabwera mu Januwale momwemo ndinawapempha kuti asakambe za matenda, angoimba, ndipo akhale kumanzere. Atafika pakolasi ya nyimbo ina imene amayi ankaikonda, tinamva liwu lachisanu ndi chimodzi pakati pa amayi asanu. Ankaimba mawu enieni, omveka, munthu amene sankatha kutchula dzina langa. Nyimbo itatha mawu anathanso. A fiziyo sanadabwe, anati kuimba ndi mapemphero oloweza zimayenda njira ina mu ubongo, ndipo anatilimbikitsa kuti tiziimba nawo tsiku lililonse. Ku Blantyre kuli malo a Kachere othandiza anthu ofooka ziwalo, koma ulendo wa maola anayi pa minibasi ndi munthu wosakhala yekha, kuphatikizapo kokhala gadiyani, sitikanakwanitsa. Tinkachita mafizo pakhonde, ndi kupita kuchipatala kamodzi pamwezi.

M'kopemo munali chizindikiro chimodzi chimene chinandivuta milungu itatu. Madzulo aliwonse amayi ankaloza ndi mlomo chakukhomo, kenako n'kupinda dzanja kumbuyo ngati akugwira mwana wobereka. Ndinawabweretsera mwana wanga, anapukusa mutu. Ndinawapatsa chitenje, anachikankha. Ndinaganiza za msana, ndinawatikita, anatsonya. Mwina ndinkadziwa ndithu koma sindinkafuna. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kutchula dzina la alamu. Nsidze zinakwera, zinakweranso, dzanja linandigwira pamkono mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Kwa iwo, mpongozi wawo anangosowa tsiku lina popanda kutsanzika, pamodzi ndi mdzukulu.

Ku Ulongwe ndinapita ndekha kumayambiriro kwa Febuluwale, achimwene atandiuza kuti iwo anapitako kawiri osaphula kanthu. Ya minibasi kupita ndi kubwera, shuga ndi sopo zonyamula zinakwana K14,000. Alamu anandilandira bwino, anandiyalira mkeka, anandipatsa moni wa m'manja koma nsonga za zala zokha. Ndinafotokoza za cholembera chija, za phewa, za ndalama imene ndinasonkha nawo. Sindinabise mbali yanga. Anamvetsera akutola timiyala pansi, osandiyang'ana. Nditamaliza anangoti, "Ndamva, alamu." Mayi awo ndi amene analankhula zambiri, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona. Panatenga milungu ina iwiri, ndi ankhoswe a mbali zonse kukhalirana pansi, kuti abwerere.

Tsiku limene anafika ndinali nditasuntha matiresi kuti khomo likhale kumanzere. Alamu analowa, anagwada, mwana ali kumsana. Amayi anawaona nthawi yomweyo. Munthu wa dzanja limodzi sangawombe m'manja, ndiye anadziguguda pantchafu katatu, phwa phwa phwa, kenako anagwira dzanja la alamu n'kuliika patsaya pawo, mbali yomwe imamva. Anati "eee", ndipo ulendo umenewo tonse m'chipindamo tinamva chimene ankanena. Alamu analira. Ine ndinatuluka panja.

Panopa amayi amayenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, ndipo ali ndi mawu okwana mwina 30, ambiri ndi mayina a nsomba ndi a adzukulu. Mankhwala a BP sadumphitsa, ndipo ine ndinakayezetsanso, anandipeza nayo. Amene amawamva msanga kuposa tonse ndi alamu, moti ine ndikasokonezeka ndimawaitana iwo. Amalume sanapepesepo. Akabwera kudzazonda, alamu amawagwadira ndithu n'kuwapatsa moni wonse, koma madzi osamba m'manja amatuma mwana.